Alekeni Ana Alankhulane m'Kalasi

Kuyambira caka ca 2025, Unduna wa Maphunziro unabwezeretsa Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsira ana kuyambira Giredi 1. Akulu-akulu a m'boma la Chadiza adziwa kuti njira iyi si yacilendo, pakuti lamulo la maphunziro la 1966 linacita cimodzimodzi, ndipo m'caka ca 2014 m'pamene Cinyanja cinapatsidwa malo kuyambira Giredi 1 kufikira 4. Sitifuna kutsutsana za malamulowa lero. Funso lathu ndi ili: kodi mwana wa kwa Mfumu Mlolo, kwa Mwangala kapena kwa Zingalume adzawagwira bwanji mau a Cingelezi?

Mwanayu amva Cicewa kunyumba, kudimba, kucigayo ndi kudambo. Malo amodzi okha amene angayesere Cingelezi ndi m'kalasi, ndipo ngakhale m'menemo nthawi yace njocepa. Cikhazikitsire maphunziro aulere mu 2022, ana aculuka m'masukulu, cinthu coyamikika ndithu, koma mphunzitsi ali ndi pakamwa pamodzi. Tiyerekeze kalasi la ana 80 ndi phunziro la mphindi 40. Mphunzitsi akafunsa mwana mmodzi-mmodzi, iye osanenapo kanthu kena, ali yense alandira theka la mphindi. Koma akawakhazika awiri-awiri kwa mphindi 10, wina wogulitsa nshawa, wina wogula, mwana ali yense alankhula mphindi zisanu. Masamu awa safuna sukulu yapamwamba.

Ambiri a ife tinakula ndi njira yobwereza mau pamodzi monga nyimbo. Mphunzitsi anena, kalasi lonse liyankha, denga ligwedezeka, ndipo wopita m'njira ati pano pali maphunziro. Koma m'mawa mwace mfunseni mwana yekha liu lomwelo, angoyang'ana pansi. Liu limene munthu sanaligwiritsepo nchito pa cosowa cace silikhazikika. Mwana angaloweze "borrow" ndi "lend" sabata yonse nkumazisokonezabe, popeza kwathu tingoti "ndibwereke" ndi "ndakubwereka". Tsiku limene adzapempha pensulo kwa mnzace m'Cingelezi, mnzaceyo nkumseka pang'ono ndi kumuongolera, sadzaiwalanso.

Izi sizicitika kuno kokha. M'dziko la Canada, katswiri wa maphunziro Merrill Swain analemba mu 1985 za ana olankhula Cingelezi amene anaphunzitsidwa m'Cifalansa zaka zambiri. Kumva anali kumva bwino, koma polankhula ndi polemba anali kuphophonyabe, ndipo iye anati cifukwa cimodzi cacikuru cinali cakuti sanapatsidwe mpata wokwanira wolankhula. Ngakhale kuno kumalire a Mozambique tiona anzathu a malonda akutola mau a Cipwitikizi pokambirana mitengo, popanda bolodi kapena coko.

Ena adzati ana akasiyidwa okha adzaphunzitsana zolakwika. Nzoona, zicitika. Ndico cifukwa cace mphunzitsi ayenera kuyamba wapereka mau ocepa, asanu kapena asanu ndi limodzi, kenaka nkumayendera mabenci ndi khutu lace. Colakwa cimene camveka cikonzeka. Cimene cabisala m'mutu mwa mwana wacete cidzaoneka pa mayeso. Ndipo mwana akasowa liu nkufunsa mnzace m'Cicewa, asalangidwe. Cizolowezi cakale colemba maina a olankhula cinenero ca makolo kuti akaseme udzu cinatseka pakamwa pa ana ambiri anzeru, ndipo ena a ife tikali kucita manyazi ndi Cingelezi cifukwa ca ico.

Tsono kwa inu makolo, anyakwawa ndi atsogoleri a m'midzi: mukapita pafupi ndi sukulu nkumva phokoso la ana akulankhulana, musafulumire kunena kuti mphunzitsi walephera mwambo. Yambani mwamvetsera cimene anena. Mwana akabwera madzulo, mfunseni mau amene waphunzira, akuphunzitseni ndinu, ngakhale simunapondeko kusukulu. Mnyamata amene mwamtumiza kukaweta ng'ombe masiku atatu pa sabata wasiyanso mnzace wa pa benci alibe wolankhula naye. Pa msonkhano ukubwerawu wa makolo ndi aphunzitsi, wina aimirire afunse aphunzitsi akuru kuti ana a Giredi 1 ndi 2 apatsidwa mphindi zingati pa tsiku zolankhulana okha-okha m'Cingelezi.