Mawanga a pa dzuwa sabweretsa chilala

Mu Okutobala, utsi wa moto wa m'tchire ukadzaza mlengalenga, dzuwa limalowa lili lofiira. Nthawi ngati imeneyi msodzi wa ku Chiuta kapena ku Chilwa akhoza kuona kadontho kakuda pa dzuwalo. Nkhani yotere siichedwa kufika ku msika wa ku Insaca, ku Entre Lagos mpaka kutsidya ku Nayuchi, ndipo ena amayamba kunena kuti dzuwa ladwala, mvula ivuta.

Akatswiri a zakuthambo akuti madonthowa ndi mawanga amene amabadwa, kukula ndi kufa. Pamwamba pa dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 5,500. Mphamvu ya maginito yochokera m'kati mwa dzuwa ikatulukira pamalo ena, imatchinga kutentha kochokera pansi, ndipo malowo amatsika kufika madigiri pafupifupi 4,000. N'chifukwa chake amaoneka akuda.

Banga limayamba laling'ono. Ambiri amafa pakangopita tsiku limodzi kapena awiri. Ena amaphatikizana ndi anzawo, ndipo pa sabata imodzi kapena masiku khumi amakhala atakula kuposa dziko lonse lapansi. Kukula n'kwachangu koma kufa n'kwapang'onopang'ono. Banga limadyeka m'mbali monga madzi amakokololera gombe la mtsinje, kenaka limagawikana n'kuzimirira. Lalikulu limatha masabata angapo, mwina miyezi iwiri kapena itatu. Popeza dzuwa nalo limazungulira kamodzi pa masiku pafupifupi 27, banga limaoneka masabata awiri, n'kubisala kuseri, ndipo ngati lili lamphamvu limadzatulukiranso.

M'chaka cha 1843 Heinrich Schwabe wa ku Germany analengeza kuti mawangawa amachuluka ndi kuchepa motsatira nyengo yake, imene lero imadziwika kuti ndi ya zaka pafupifupi 11. Anachepa kwambiri mu Disembala 2019, ndipo mu Okutobala 2024 bungwe la NASA linalengeza kuti afika pachimake.

Mawanga akachuluka, dzuwa limalavula mphamvu imene imasokoneza wailesi za shortwave ndi makina a GPS. Mu Malichi 1989 anthu a ku Quebec, m'dziko la Canada, anakhala maola 9 opanda magetsi. Mu Meyi 2024 gulu lalikulu la mawanga linachititsa kuti usiku kumwamba kufiire mpaka ku South Africa. Choncho wailesi ikangoti zii masana, mwini wake asafulumire kudzudzula mabatire.

Nanga za chilala? Pamenepa mbiri ya kuno ikuyankha yokha. Chilala cha 1992, chaka chimene boma ndi Renamo anasainirana mtendere ku Rome, chinagwa mawanga adakali ambiri. Mu 1995 nyanja ya Chilwa inaphwa mawanga ali ochepa, ndipo mu 2018 inaphwanso ali ochepa. Mu 2024 anali ochuluka, koma mvula inavutanso m'madera ambiri a Mozambique ndi Malawi. Akatswiri a zanyengo anati chilala cha 1992 ndi cha 2024 chinadza ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific. Kuwala kwa dzuwa kumangosintha ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 pa nyengo yonse ya mawanga.

Mlimi amene angazengereze kulima munda kapena kugulitsa mbewu yake chifukwa cha kadontho ka pa dzuwa adzalira yekha pokolola. Za mvula amvere ulosi wa INAM pa wailesi ndi malangizo a alangizi a zaulimi.

Makolo achenjezenso ana kuti asayang'anitsitse dzuwa pofuna kuona mawangawa, ngakhale pali utsi, ngakhale atavala magalasi akuda. Dzuwa limawotcha m'kati mwa diso munthu osamva kupweteka, ndipo diso likaonongeka motero nthawi zina silichiranso.