Akuti ndife odana ndi chitukuko

Dzinali tinalipata pamsonkhano wa pabwalo la sukulu, titangofunsa kuti amene anakhoma zikhomo zofiira m'minda mwathu anapempha kwa yani. Yankho silinabwere. Anatigawira fanta ndi mabanzi, kenako pepala linayenda kuti aliyense alembe dzina kapena adinde chala posonyeza kuti analipo. Lero tikumva kuti pepala lomwelo ndi umboni woti mudzi wonse unavomera mgodi. Tinavomera liti?

Zoti miyala ya pansi pa nthaka ndi ya boma tazimva, amatikumbutsa pamsonkhano uliwonse. Chabwino. Koma wofuna za pansi amayamba wakumba pamwamba, ndipo pamwambapo ndi pamene pali chimanga chathu, chitsime, manda, ndi dimba la kudambo lija limatigwira dzanja nkhokwe ikatha. Owerengera katundu anabwera ndi tepi ndi mafomu. Nyumba anayeza, mitengo ya mango anawerenga, khola analemba. Za manda anati tidzakambirana. Za dambo anati n'la aliyense, choncho palibe wolandira chipukuta misozi. Choseketsa, ngati n'choseketsa, pafomu analemba bambo kuti ndiye mwini munda, chonsecho kuno n'kuchikamwini, munda ndi wa mayi ndi mbumba yake. Mkamwini akadzalandira ndalamazo n'kukwera nazo minibasi, mayi ndi ana adzalima pati?

Pochoka anatisiyira mawu amodzi: musamange chilichonse chatsopano, sichidzawerengedwa. Njerwa zimene ena anaotcha zili pauvuni pomwepo, zamera udzu. Wobzala mtengo palibenso.

Mawu amenewa ndi amene akutisowetsa tulo, chifukwa tikudziwa kumene anakafikitsa anzathu a ku Kanyika, ku Mzimba. Iwo anauzidwa mu 2012 kuti asamuka popereka malo ku mgodi wa niobium wa kampani ya Globe Metals. Anasiya kukonza nyumba, anasiya kubzala za nthawi yaitali, n'kumadikira. Zaka zinapita, mpaka mabanja oposa 200 anakamang'ala kukhoti, ndipo laisensi yokumbira inadzatuluka pambuyo pake, mu 2021. Mwana amene anali kumsana nthawi imeneyo wakulira m'nyumba yodontha, kudikira galimoto yodzasamutsa.

Ku Mwabulambo, ku Karonga, kampani ya malasha ya Eland inanyamuka mu 2015 n'kusiya maenje ali yasa, ndipo bungwe la Human Rights Watch linalemba za mavuto a anthu akumeneko mu 2016. Ku Kayelekera, kampani ya Paladin inatsegula mgodi wa uranium mu 2009, boma lili ndi magawo 15 pa 100 alionse, ndipo pofika 2014 ntchito inaima mtengo utagwa pamsika wa kunja. Bungwe la ActionAid linawerengetsera kuti dziko linataya madola 43 miliyoni a ku America m'zaka 6 chifukwa cha misonkho imene kampaniyo inachepetseredwa kapena inaipewa. Ngati boma, ndi maloya ake onse aja, linatuluka m'chipinda chokambirana litapusitsidwa chotero, nanga ife odinda chala? Kutsidyaku, ku Tete, mabanja amene kampani ya Vale inawachotsa ku Moatize n'kukawasiya ku Cateme anapeza nyumba zong'aluka ndi minda ya miyala. Anayamba kumvedwa mu January 2012, atakhala panjanji kutsekereza sitima ya malasha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye munthu asatiuze kuti tikuopa mthunzi wathu.

Ntchito ndiye amatilonjeza zambirimbiri. Zimene taziona ndi maso ndi za ulonda, kulambula njira ndi kunyamula matumba a dothi, maganyu a masabata ochepa. Oyendetsa makina obowola amabwera nawo okha. Amatinso lamulo la migodi limalamula kampani yaikulu kuchita pangano la chitukuko ndi anthu ozungulira, n'kumapereka 0.45 peresenti ya zimene yagulitsa. Tinawerengetsera pansi ndi kamtengo: ndi 45 tambala pa K100 iliyonse. Nazo tambalazo sitikudziwa adzasunga ndani, pakuti komiti imene akuti ikutiimira sitinaisankhe ife. Mayina anachokera kwa agulupu atalembedwa kale.

Mafumu athu timawalemekeza, ndipo sitikunena kuti onse adya. Kungoti masiku ano nkhani za malo athu zikukambidwa kuloji kuboma, kumene kuli alawansi, osati pansi pa kachere pamene tonse timamva. Akabwerako mawu amafewa. Mnyamata amene anafunsa mokweza pamsonkhano wapitawo anaitanidwa kukachenjezedwa kuti akusokoneza mtendere. Kufunsa za munda wa amayi ako kwasanduka mlandu?

Msewu wabwino tikuufuna, chipatala tikuchifuna, ndipo mgodi sitinaukane. Takana kusaina chinthu chimene sitinachiwerenge. Abwanamkubwa, bweretsani lipoti la zachilengedwe la mgodiwu m'Chichewa, liwerengedwe pabwalo amayi alipo. Tionetseni malo amene mukufuna kutipititsa, tikakumbeko ndi khasu tione dothi lake, tilawenso madzi ake. Tsiku losamuka, ndalama zake, ndi amene adzakwirire maenje mgodi ukadzatha, zonsezo zilembedwe. Zimenezi zisanachitike, mafomu anuwo musabwere nawonso, ndipo mvula ikangogwa ife tibzala.