Penti Wowala, Mwana Wokwawa

Amayi anzanga, zokolola zikagulitsidwa ndipo m'thumba mukalowa kangachepe, ambiri a ife timafuna kukongoletsa nyumba. Chitseko chikhale chofiira, mawindo achikasu, kabedi ka mwana kawale. Nkhani yathu sabata ino ndi ya chinthu chimene chimabisala m'zitini zina za penti, ndiponso malamulo amene adaikidwa kuti atchinjirize ana athu. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere yake ndi mtovu. Opanga penti ena amathira mtovu, makamaka mu penti wa mafuta wofiira ndi wachikasu, kuti awale, aume msanga ndi kukhalitsa. Penti uja akakalamba amakanganuka ndi kuyoyoka, nasanduka fumbi pansi ndi m'mawindo. Tsono ndani amakhala pansipo? Ndi mwana wokwawa, amene chala chili chonse chimathera kukamwa. Bungwe la za umoyo la WHO likuti thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo palibe muyeso wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosavulaza.

Choopsa chake nchakuti mwana saoneka wodwala. Amasewera, amadya, koma mtovu ukuononga ubongo wake mwakachetechete. Akayamba sukulu, nzeru zimavuta kugwira, ife nkumamunena kuti ndi waulesi. Mtovu umachepetsanso magazi, ndipo ukachuluka mwana amakomoka, ngakhale kumwalira kumene. Mwa mayi woyembekezera umadutsa kukafika kwa mwana ali m'mimba. Ubongo ukaonongeka subwereranso mwakale. Madzi akatayika saoleka. M'chaka cha 2020 bungwe la UNICEF lidalengeza kuti mwana mmodzi mwa atatu ali onse pa dziko lapansi adali ndi mtovu wambiri m'magazi.

Nkhaniyi si yachilendo. M'chaka cha 1904 dokotala wa ku Brisbane m'dziko la Australia, a Lockhart Gibson, adaonetsa kuti ana ankadwala chifukwa cha penti wa m'makonde a nyumba zawo. Komabe malamulo adachedwa. Dziko la America lidaletsa penti wa mtovu m'nyumba mu 1978, ndipo mu 1992 lidaika lamulo lina lakuti wogulitsa kapena wochititsa lendi nyumba yomangidwa chisanafike chaka cha 1978 aulule zimene akudziwa za penti wa mtovu m'nyumbamo. Taonani nzeru ya lamulo lachiwirili. Adaona kuti kuletsa penti watsopano sikuchotsa wakale amene ali kale pakhoma, choncho adapatsa kholo ufulu wodziwa.

Masiku ano mabungwe a WHO ndi UNEP amalimbikitsa maiko kuti mtovu mu penti usapitirire magawo 90 pa magawo 1 miliyoni. Kwathu kuno, mu 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project lidayesa penti wogulitsidwa m'Malawi ndi kupeza kuti wambiri wa mafuta adali ndi mtovu wopyola muyesowu. A Malawi Bureau of Standards, amene amayang'anira ubwino wa katundu, adalonjeza kuchitapo kanthu. Atayesanso mu 2023, penti wotere adapezeka kuti wachepa pamsika, koma sadatheretu.

Apa ndipo pagona nkhani, amayi. Lamulo limalondera chitini cha m'sitolo, koma khoma la kuchipinda kwanu mlonda wake ndinu. Lamulo losadziwika kwa eni ana lili ngati mankhwala otsekeredwa m'kabati. Nchifukwa chake ndikupemphani kuchita izi.

Pogula penti, funsani wogulitsa ngati ndi wopanda mtovu, ndipo werengani chitini. Mukakayika, m'kati mwa nyumba pakani penti wa madzi, amene kawirikawiri sakhala ndi mtovu wambiri, kapena laimu wathu wakale uja. Bedi la mwana ndi zidole musazipake penti wosadziwika.

Ngati penti wakale akuyoyoka, musamupale pouma ndi sandipepala kapena kumutentha, pakuti fumbi ndi utsi wake ndizo zimanyamula mtovu. Ana ndi amayi oyembekezera achoke m'nyumba kufikira ntchito itatha ndipo mwakolopa. Pansi ndi m'mawindo muzipukuta ndi nsanza yonyowa m'malo mongosesa. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Apatseni usipa, matemba, nyemba ndi masamba obiriwira, chifukwa mwana wanjala kapena wochepa magazi amayamwa mtovu kwambiri. Mukakayika za mwana wanu, fotokozerani achipatala za penti wa m'nyumba mwanu.

Pomaliza, nkhaniyi muitengere ku msonkhano wa gulu lanu. Mayi mmodzi akafunsa, wasitolo amangoseka. Amayi makumi awiri akafunsa, iye amakafunsa kumene amaoda. Funsaninso komiti ya sukulu ya mkaka ndi eni nyumba za lendi kuti penti amene akupaka ndi wotani. Ana athu sangathe kuwerenga chitini. Tiwawerengere ndife.