Chipinda cha sayansi chimayambira pa maziko

Mwana wa ku Mecanhelas akafuna maphunziro apamwamba a zaulimi, pafupi ndi ku Cuamba, kumene Yunivesite ya Katolika inatsegula sukulu yake mu 1999. Maphunziro otere amafuna chipinda cha sayansi choyezeramo dothi ndi mbewu. Zipangizo zake nzodula ndipo zimadana ndi chinyezi. Choncho chipindachi, kaya ku yunivesite kaya ku sekondale ya kwathu kuno, chisamangidwe mwachisawawa.

Tonse tikulidziwa dothi la makande la ku nyanja ya Chilwa. Dzinja limafufuma, chilimwe limang'ambika, khoma nalo n'kung'aluka. Pamalo otere maziko azifika pa nthaka yolimba. Khoma lizikhala ndi lamba wa simenti ndi zitsulo, ndipo denga lizimangiriridwa ku lambayo. Tisaiwale kuti mu 2023 namondwe Freddy anasasula madenga a sukulu zambiri ku Zambézia. Njerwa zootcha nazo zikutha mitengo, pamene za simenti sizifuna nkhuni.

Inu mafumu ndi makolo, omanga akabwera pitani mukaone kuya kwa maziko asanathire simenti. Utoto ukapakidwa, zolakwika zonse zimabisika.