Bondo la ambuya silipimidwa ndi X-ray cabe

Mlungu watha pa Kulima Tower ndinaona ambuya ena akulimbana ndi step ya minibus. Anagwira citseko, n'kukweza mwendo pang'onopang'ono. Kondakita anangoti, “Endesani amai, nthawi ni ndalama!” Ise tonse m'basi tinangokhala zii.

Bondo lotere nthawi zambiri limakhala ndi nyamakazi imene madokotala amati osteoarthritis. Kanyama kosalala kophimba nsonga za mafupa kamaperepeseka, ndiye bondo limawawa ndi kuuma. Bungwe la WHO likuti mu 2019 anthu pafupifupi 365 miliyoni padziko lonse anali ndi vutoli m'maondo, ndipo likonda kugwira azimai ndi opitirira zaka 55.

Manje funso langa ni ili: tidziwa bwanji kuti mankhwala athandiza? X-ray imaonetsa mafupa cabe. Wina cithunzi cimaoneka bwino koma sagona usiku, wina cimaoneka coipa koma ayenda mpaka ku Soweto Market.

Ndiye cifukwa cake ofufuza a ku Canada anakonza mafunso 24 ochedwa WOMAC: 5 a ululu, 2 a kuuma kwa bondo, 17 a nchito za tsiku ndi tsiku. Amafunsa ngati wodwala akwanitsa kukwera masitepe, kunyamuka pampando, kuvala masokosi, kulowa ndi kutuluka m'galimoto. Akayankha lero, n'kuyankhanso pakapita miyezi, zimaoneka ngati cithandizo cagwira nchito.

Ine ndikuti makiliniki athu azifunsa mafunso otere m'Cinyanja, n'kuonjezerapo athu: kodi mukwanitsa kunjuta pacimbudzi ca dzenje, kapena kunyamula cigubu ca madzi? Kungopatsa munthu diclofenac mwezi ndi mwezi sikokwanira, cifukwa akamwa nthawi yaitali angadwale zilonda za m'mimba kapena impso. Cimene cimathandiza maningi ni physiotherapy yolimbitsa minofu ya nchafu, kucepetsa thupi ngati lakula, ndi ndodo yogwirira kudzanja la mbali imene siwawa.

Nafenso apaulendo tili ndi mbali yathu. Mpando wa pafupi ndi citseko tiziusiyira akuluakulu, osati kuwakankhira kumbuyo kumene maondo amagunda mpando. A kondakita, kudikira mphindi imodzi sikungakuphonyetseni cashing. Mukaperekeza amai anu ku kiliniki, osangoti “bondo liwawa.” Fotokozani zimene analeka kucita, kaya ni kugwada ku chalichi kapena kupita kumsika. Zikabwerera zimenezo, m'pamene tinganene kuti athandizidwa.