Musatiuze kuti pit bull ndi galu ngati wina aliyense

A Mkonzi,

Ndakhumudwa kwambiri ndi nkhani imene munasindikiza pa tsamba la ziweto, yonena kuti palibe galu woipa, woipa ndi mwini wake, ndiponso kuti pit bull ndi galu ngati wina aliyense bola aleredwe mwachikondi. Mlembi wanu anacheza ndi oweta agalu komanso ogulitsa tiana ta agalu. Sanafunseko ngakhale mmodzi wa ife amene timalowa m'mipanda ya eni tsiku ndi tsiku kukatchetcha kapinga, kukolopa ndi kulera ana. Ine ndine Mmalawi wogwira ntchito ya m'gadeni kuno ku Johannesburg, ndipo galu ameneyu sindimuonera pa chithunzi ayi.

Galuyu sanangobadwa mwangozi, anachita kumupanga anthu. Ku England kunali masewera olimbanitsa agalu ndi nkhunzi za ng'ombe. Boma litawaletsa mu 1835, okonda magazi aja anatembenukira ku ndewu za agalu okhaokha, poti zinali zosavuta kubisa. Anakweretsa bulldog ndi terrier kuti apeze galu wamphamvu, wachangu, wogwira osataya ngakhale akumva ululu, ndipo mbewu ankaitenga kwa wopambana. Mlenje aliyense kwathu, posankha kagalu ka uzimba, amayamba wafunsa za make ndi bambo wake. Nanga bwanji tikafika pa pit bull tiyambe kunena kuti mtundu ulibe ntchito?

Pa nyumba ina imene ndinkagwirako ganyu panali pit bull wonenepa bwino, wogona pa sofa, wolandira katemera pa nthawi yake. Sanamenyedwepo, sanagonepo ndi njala. Abwana nthawi zonse ankati, "Lowani, saluma ameneyu." Tsiku lina geti likutseguka, kagalu ka oyandikana nawo kanalowa. Sanauwe, sanachite kulira kochenjeza kuja. Anangokagwira pakhosi n'kuyamba kupukusa mutu uku ndi uku, mchira ukugwedera ngati akusewera. Ndinamuthira madzi a paipi m'mphuno, ndinamumenya ndi mpini wa reki mpaka unathyoka, koma osataya. Anataya abwana atamulowetsa mtengo m'kamwa n'kukanula. Madzulo ake anali atagona pa mapazi a mwana wa m'nyumbamo. Nsagwada zake sizikhoma ngati loko monga ena amanenera. Chimene chilipo n'chakuti iye safuna kusiya. Ndiuzeni tsono, a Mkonzi, mwini ameneyu analakwitsa pati pa kaleredwe?

Sindikukana kuti kaleredwe n'kofunika. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2022, wokhudza agalu oposa 18,000, anapeza kuti mtundu umafotokoza gawo lochepa chabe la kusiyana kwa khalidwe la agalu, pafupifupi 9 pa 100. Agalu pafupifupi 50 amene analandidwa kwa katswiri wa mpira wa ku America, Michael Vick, mu 2007, anali a ndewu ndipo anazunzidwa koopsa, komabe ambiri anapulumutsidwa, ena mpaka anakakhala m'mabanja. Kafukufuku wina wa imfa 256 za anthu olumidwa ndi agalu ku America pakati pa 2000 ndi 2009 anaonetsa kuti nthawi zambiri agaluwo anali osafula, osungidwa kwaokha kutali ndi anthu, ndipo panalibe wamkulu woti n'kuleretsa. Zonsezi n'zoona, ndipo eni osasamala ali ndi mlandu waukulu.

Koma mlembi wanu wasakaniza mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, kodi galuyu aluma? Pamenepo kaleredwe kali ndi mawu. Lachiwiri ndi lakuti, akaluma chitsale n'chiyani? Apa ndiye nkhani ya thupi ndi mtundu. Galu wamba akakuluma pa katumba amathawa, iwe n'kupita kuchipatala kukabayitsa katemera wa chiwewe. Uyu amagwira, amapukusa, amabwereza, ndipo mwana wa zaka zisanu alibe mpata. Bungwe la CDC la ku America litaunika imfa za kuyambira 1979 mpaka 1998, linapeza kuti agalu a mtundu wa pit bull pamodzi ndi Rottweiler anakhudzidwa pa zoposa theka la imfa zimene mtundu wa galu unadziwika. Nambala imeneyi simunailembe.

Ife a kuno sitinaiwale chaka cha 2022. Mu September mnyamata wa zaka 10 anaphedwa ku Gqeberha ndi agalu a pakhomo pawo pomwe. Mu November wina wa zaka 8 anaphedwa ku Bloemfontein ndi galu wa oyandikana nawo, ali pabwalo la kwawo. Bungwe la Sizwe Kupelo Foundation linasonkhanitsa masiginecha oposa 100,000 opempha boma kuti liletse agaluwa. Eni ena, chifukwa cha mantha, anakasiya agalu awo ku bungwe loteteza nyama la SPCA. Ku Cape Town anthu olusa anagenda ndi kutentha agalu atatu amene anavulaza mtsikana. Nkhanza imeneyo ndimadana nayo ndi mtima wonse, chifukwa galu sanasankhe kubadwa chomwecho. Koma anthu amafika pamenepo akaona kuti lamulo lili chete ndipo olemba nkhani akungowauza kuti galuyo anasowa chikondi.

Sindikunena kuti kuletsa mtundu wonse ndiye mankhwala. Britain inaletsa pit bull mu 1991, koma oweta anabwera ndi mtundu wina wotchedwa XL Bully, mpaka nayenso anamuletsa ku England ndi Wales mu 2024. Netherlands inaletsa mu 1993 n'kuchotsa chiletsocho mu 2008 itaona kuti kulumidwa sikunachepe. Chimene ndikufuna n'chakuti wosankha kusunga galu wa mphamvu zotere asenze udindo wolingana ndi mphamvuzo: amulembetse, amufule, amange mpanda wosadumphika, amuveke chotseka pakamwa akamatuluka naye, ndipo amutsekere wantchito kapena mwana wa eni asanalowe. South Africa ili ndi lamulo la 1993, Animal Matters Amendment Act, loti mwini amene kusasamala kwake kwavulazitsa munthu atha kulipitsidwa kapena kumangidwa mpaka zaka ziwiri. Ndi antchito angati amene amalidziwa, makamaka obwera ngati ife amene timaopa kuti tikadandaula ntchito itha?

Chondidetsa nkhawa n'chakuti nyuzipepala yanu imawerengedwa kumudzi, kumene tiana ta agaluwa tikutsatsidwa kale pa Facebook. Ndikudziwa mmene ambiri timasungira galu wolondera: m'kakhola ka malata usana wonse, padzuwa, kuti akhale wolusa, kenako n'kumumasula usiku m'mpanda wa njerwa wobooka kunsi, pamene m'mamawa ana akudutsa kupita kusukulu. Munthu wotere mwamuuza kuti agule pit bull mopanda nkhawa.

Ndikupempha kuti mutume mtolankhani akacheze ndi antchito a m'nyumba, alonda, owerenga mamita a madzi ndi anamwino amene amasoka mabala amenewa, ndipo zimene akamve muziike pa tsamba lomwe lija.

Wowerenga wodandaula,
Johannesburg