KATUNDU WOSATSEGULIKA SI WA MLIMI

M'midzi ya Mfumu Chikwa, m'boma la Chama, mlimi akagulitsa mpunga wace amatenga sola ya ngongole, ndiyo nyale, batire ndi wailesi, nalipira pang'onopang'ono pa foni. Akacedwa kulipira, makinawo amazima okha. Ena mwa makinawa ali ndi kakhadi ka foni m'kati, kamene kamauza kampani kutali kuti batire lafooka mwini wace asanadziwe. Amalonda akuti ici ndico citukuko.

Nanga n'citukuko cotani cimeneci? Diso la kampani limafika ku Chikwa m'kamphindi, koma dzanja lace silifika. Pa tsiku lotolera ndalama palibe mtunda. Pa tsiku lokonza, mseu watalika. M'dzinja, mitsinje yotsikira ku Luangwa ikadzaza, banja limagona mumdima, ana osawerenga, ngongole ikali pakhosi. Ndipo mlimi amaopsezedwa kuti akangomasula bokosilo, pangano lomkonzera mwaulere latha. Uku ndiko kudyera masuku pamutu.

Aliyense akumbukire njinga. M'zaka za m'ma 1980 fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata inali kupanga njinga, ndipo kufikira lero palibe mudzi wosowa m'misiri woimika sipoko kapena kulumikiza cheni. Cifukwa cace n'codziwika: njinga sibisa matenda ace, ndipo zitsulo zace zili m'sitolo.

Ngakhale ku Ulaya, kwao kwa mafakitale, anthu anakana mkhalidwe wotere. Kuyambira mu 2021 opanga mafiriji ndi makina ocapira zobvala amakakamizidwa kusunga zitsulo zosinthira kwa zaka 7 mpaka 10, ndipo mu 2024 bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo la ufulu wokonza katundu. Kodi mlimi wa ku Chikwa ndiye wocepa?

Cotero atsogoleri a m'midzi ndi makhansala aumirire zinthu zitatu. Kampani ikaona bvuto, itumize uthenga kwa mwini m'cinenero cace, wonena poyera ngati ndi fyuzi, waya womasuka kapena fumbi pa sola. Mabatire ndi mafyuzi azipezeka pa boma la Chama. Anyamata ndi atsikana a m'deralo aphunzitsidwe nchito yokonza, napatsidwa cilolezo cotsegula makinawo.

Wolipira ndiye mwini. Kudzidalira kumayambira pa sipanala ili m'manja mwa mlimi.